Miyezi 8 ndi chimbale cha A Dark Cabaret

Mu Okutobala chaka chatha, nditangomvera chimbale cha A Dark Cabaret kwa sabata imodzi, ndinalemba kuti chili ngati phwando la anthu odzola nkhope zoyera ndi kuvala zipewa zakuda. Ndinati nyimbo yoyamba yokha ndiyo ili ndi moyo, zinazo nzongodzazira malo. Lero papita miyezi 8. Chimbalechi chadutsa nane nyengo yonse yachisanu, kukhitchini ndi m'basi, ndipo ambiri mwa mawu aja ndikufuna ndiwabweze.

Kwa amene simunachimvepo, ichi ndi chimbale cha nyimbo 11 za oyimba osiyanasiyana, chomwe kampani ya ku America ya Projekt Records inatulutsa mu 2005. Mwini kampaniyo ndi Sam Rosenthal, amene anaiyambitsa mu 1983. Ine ndinachipeza mu shopu ya zinthu zakale kuno ku Leeds, chitapanikizana ndi ma CD ena m'bokosi, ndipo pa mayina onse olembedwa kumbuyo kwake panalibe ndi limodzi lomwe limene ndinkalidziwa. Ndinagula chifukwa cha dzina lake basi. CD imakhala kukhitchini, koma nyimbozo ndinazisamutsiranso mufoni kuti ndizimvera popita ndi pochokera kuntchito. Ndimagwira usiku kunyumba yosamalirako okalamba.

Ndiyambe ndi nyimbo yomwe ndinaitama ija, Coin-Operated Boy ya The Dresden Dolls. Gululi ndi la anthu awiri a ku Boston: Amanda Palmer amaimba uku akuliza piyano, Brian Viglione ali pang'oma. Nyimboyi imakamba za mkazi amene akulakalaka mnyamata wa chidole, woti ukaponyamo khobidi ayambe kuyenda, wosakhumudwitsa, wosathawa. Imayamba mosewera, piyano ikudumphadumpha ngati ya ana. Tsiku loyamba, itafika chapakati, mawu anayamba kubwereza pamodzimodzi ngati CD yakalika. Ndinaitulutsa, nkuipukuta, nkuiyang'anitsitsa pawindo, koma panalibe chipsera chilichonse. Kukakamira kuja anakupanga dala. Nthawi imeneyo ndinangoti ndi luso losangalatsa. Zinanditengera mpaka Disembala kuti ndimvetsere bwino malo amene nyimboyi imakakamira: ndi pomwe mkazi uja akudzilonjeza kuti sadzakhalanso yekha. Mawu amenewo ndi amene akukanika kutuluka bwinobwino, akungodukaduka ngati makina ofuna kufa. Kuchokera tsiku limenelo sindinaimvenso ngati nyimbo yoseketsa. Ndimaikondabe, koma ndi nyimbo ya munthu wosungulumwa amene akuseka kuti anthu asamuone misozi, ndipo ine ndinali nditamva kusekako kokha.

Chinandithandiza kumva bwino ndi kufufuza kumene nyimbo zamtunduwu zinachokera, chifukwa chimbalechi chimaphatikiza goth (nyimbo za rock zamdima ndi zachisoni) ndi cabaret (nyimbo zoimbidwa m'malo omwera usiku), ndipo poyamba ndinkaganiza kuti angozikwatitsa mokakamiza. Cabaret inayambira m'tizipinda ting'onoting'ono ta ku Paris. Malo otchuka a Le Chat Noir anatsegulidwa ku Montmartre mu 1881: anthu ali pamatebulo akumwa, woimba ali pafupi moti mukhoza kumugwira malaya. Kenaka inakafika pachimake ku Berlin pakati pa 1919 ndi 1933, dziko la Germany litangotuluka m'nkhondo, ndalama itatha mphamvu, anthu akuvina usiku pomwe mawa lake sakulidziwa. Mu 1928 Bertolt Brecht ndi Kurt Weill anaonetsa kumeneko sewero lawo la The Threepenny Opera, lokhala ndi nyimbo zokoma kukhutu koma zokamba za akuba, opemphapempha ndi zigawenga. Hitler atatenga boma mu 1933, onse awiri anathawa m'dzikomo chaka chomwecho. Goth inabwera patapita zaka zoposa 40, ku England, kuchokera mu punk, nyimbo za rock zaukali ndi zaphokoso. Koma chimene chinandidabwitsa ndi ichi: gulu la ku Northampton lomwe ambiri amati ndilo linatsegula njira ya goth mu 1979, Bauhaus, linatenga dzina lake kusukulu ya zaluso ya ku Germany imene inatsegulidwa ku Weimar mu 1919 nkutsekedwa mu 1933. Ndiye kuti ubalewo unalipo kale. Rosenthal sanakwatitse alendo, anangosonkhanitsa abale omwe ankakhala motalikirana.

Nyimbo yomwe yakhalitsa osatha kukoma ndi yachitatu, Evil Night Together ya Jill Tracy wa ku San Francisco, yochokera pa chimbale chake cha 1999 chotchedwa Diabolical Streak. M'lemba langa loyamba sindinaitchule nkomwe. Mayiyu saimba mokweza. Amakhala ngati akukunong'onezani, piyano ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wonyang'ama pakhonde usiku, ndipo akuitanira wokondedwa wake ku usiku wa zoipa mwaulemu ngati akumuitanira ku tiyi. Nyimbo imeneyi musaimvere pa sipika ya foni. Ndinayesa, ndipo zonse za pansi zimasowa, kumangotsala mawu owonda. Imafuna mahedifoni kapena chipinda chopanda phokoso. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ndinkaiika ndikamakonza chakudya chopita nacho kuntchito, kunja kutada kale. Ndaimvera mwina kuposa nyimbo ina iliyonse pachimbalechi, koma mpaka lero ikayamba ndimasiya kaye chimene ndikuchita.

Koma nkhani yeniyeni ya miyezi imeneyi ndi nyimbo ya nambala 10, Flowers ya Rozz Williams. Chifukwa chimene ndinaiphonyera ncha zii: basi yanga imafika ndisanakwanitse nyimbo zisanu ndi zitatu, ndiye kwa milungu yambiri kumapeto kwa chimbale ndinkangofikako mwa apo ndi apo, maganizo ali kwina. Tsiku lina mu Januwale, agogo ena amene ndinawasamalira kwa chaka chathunthu anatisiya m'bandakucha. Ndinawagwira dzanja mpaka pomaliza, tinachita zoyenera kuchita, ndinalemba zofunika kulemba, nkutuluka. Nthawi inali itapitirira 7 koloko koma kunali kudakali mdima. Basi inachedwa. Ndinakhala pa benchi yozizira, mahedifoni kukhutu, chimbale chikupitirira pomwe ndinachisiyira dzulo lake, mpaka chinafika pa Flowers.

Mulibe zambiri m'nyimboyi. Piyano ikuyenda mwakachetechete, ndi mawu a mwamuna amene sakuyesa kukometsa chilichonse. Si mawu osalala ngati a woimba wa kwaya. Penapake amanjenjemera, penapake amakhala ngati akungolankhula. Apa palibe chipewa chakuda kapena ufa wodzola kumaso. Ndinamva ngati munthu wakhala pambali panga pa benchi paja, osandifunsa kanthu, osandiuza kuti ndilimbe mtima. Basi itabwera ndinaibwereza, ndipo ndinaibwerezanso ndisanatsike.

Pambuyo pake ndinawerenga za mwini nyimboyo. Rozz Williams ndi amene anayambitsa gulu la Christian Death ku California, lomwe chimbale chake choyamba cha 1982, Only Theatre of Pain, chinali cha magitala aukali ndi mawu obaya. Mu 1995 anasiya kaye phokoso lonselo, nkujambula ndi woimba mnzake Gitane Demone chimbale chofatsa cha mtundu wa cabaret chotchedwa Dream Home Heartache, ndipo Flowers ikuchokera m'menemo. Pa 1 Epulo 1998 anadzipha ali ndi zaka 34. Sindikufuna kuti imfa yake ikhale ngati chokometsera nyimbo, ayi, chifukwa imeneyo ndi nkhani yomvetsa chisoni basi, ndipo nyimboyi inandigwira ndisanadziwe zonsezi. Chimene ndikunena nchakuti pa oyimba onse a pachimbalechi, iyeyu ndi amene ali pakatikati penipeni pa goth ndi cabaret, chifukwa anakhala mbali zonse ziwiri. Kumuika pafupi ndi mapeto, kumene anthu ngati ine safika msanga, ndimaona kuti sikunamuchitire chilungamo.

Mu Malichi kunabwera alamu anga kudzacheza, nkundipeza ndikutsuka mbale nyimbo yomweyi ikulira. Anaima pakhomo la khitchini nkufunsa kuti, "Alamu, kwagwanji? Nyimbo za maliro masanasana ano?" Ndinawauza kuti akhale pansi amvere kuyambira poyamba. Coin-Operated Boy itayamba anaseka, nkunena kuti, "Nanga iyi ndiye ya ana bwanji?" Nditawafotokozera zimene mayiyo akunena, anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti ndi adzukulu amenewa." Ankanena za adzukulu a kumudzi kwathu, amene amakumba manda uku akuseka ndi kunyogodolana, anamfedwa ali pomwepo, koma palibe amawadzudzula chifukwa aliyense akudziwa kuti nthabwala zawozo zikupepukitsa mtolo. M'miyezi yonseyi sindinapeze kufotokoza kwina koposa kwa alamu angawa. Nyimbo zabwino za pachimbalechi zimaseka zili pamanda, ndipo zikudziwa kuti zili pamanda.

Tsono si zonse zimene ndikubweza. Pakati pa chimbalechi pali nyimbo zimene mpaka pano sizinandilowe. Gemini Girly Song ya Katzenjammer Kabarett, gulu la ku France, inandisangalatsa mwezi woyamba chifukwa cha kupupuluma kwake, koma inatha kukoma msanga ngati chingamu, ndipo tsopano ndimaidumpha. Cabaret Fortune Teller ya Audra, gulu la ku Arizona, ndi nyimbo yabwino, mawu a woimbayo ndi akuya ndithu, koma kwa ine ndi ya goth yomwe yangobwereka dzina la cabaret. Ndikaimva sindiona kachipinda kautsi kaja, ndimaona siteji yaikulu ndi magetsi. Nyimbo zina ziwiri za chakumapeto ndimaziiwala zikangotha, ngakhale ndazimvera kambirimbiri.

Pa oyimba a pakati pa chimbalechi, Nicki Jaine yekha ndiye ndinamulakwira. Mawu ake ndi otsika kwambiri pa mawu a mkazi, olemera, ndipo poyamba ndinkawamva ngati ouma. Panopa ndimaona kuti ndiye amene akuyandikira kwambiri oyimba a ku Berlin aja, amene sankapempha kuti muwamvere chisoni. Amamveka kawiri, mu Pretty Faces payekha komanso mu Sometimes, Sunshine ya Revue Noir, gulu lomwe anali awiri ndi Rosenthal. Apa mpomwe pali dandaulo langa lina. Rosenthal nayenso alimo kawiri, mu Revue Noir ndi m'gulu lake lakalekale la Black Tape for a Blue Girl. Munthu akaphika yekha sitingamuletse kudzigawira, koma pa nyimbo 11 zokha, malo amenewo ndi ambiri. Ndipo chimbalechi chapendekera kwambiri ku America. Nditayamba kufufuza ndinapeza The Tiger Lillies a ku London, amene anayamba mu 1989, mtsogoleri wawo Martyn Jacques akuimba ndi mawu okwera ngati a mkazi uku akukoka akodiyoni. Amenewo ndiwo adzukulu enieni, koma pachimbalechi palibe. Munthu amene angamvere A Dark Cabaret yokha akhoza kuganiza kuti mtundu wa nyimbowu ndi piyano ndi chisoni basi, osadziwa kuti ulinso ndi mbali yamwano, yaphokoso, ya m'bala.

Mapeto ake nawonso sindigwirizana nawo. Flowers ikatha pamafunika bata, koma nthawi yomweyo imalowa True Love ya ThouShaltNot. Payokha ilibe mlandu, ndipo ndikaiika padera ndimaimvera mpaka kumapeto, koma pamalo pamene anaiikapo imakhala ngati munthu wayatsa getsi m'chipinda momwe anthu akupemphera. Mufoni ndinasintha ndondomeko, ndinaikweza kuti ibwere Flowers isanayambe. Pa CD ndimangozimitsa nambala 10 ikatha.

Amene mukuganiza zochifunafuna, dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, nyimbozi zili m'Chingerezi ndipo theka la kukoma kwake lili m'mawu, choncho si zoika chapansipansi uku mukucheza ndi alendo. Zimafuna khutu lonse. Chachiwiri, nkhani zake ndi za akuluakulu: chilakolako, umbanda, imfa. Ine ana akakhala pafupi sindiika. Projekt inatulutsanso chimbale chachiwiri cha dzina lomweli mu 2011, koma sindinachigule, chifukwa choyambachi sindinathane nacho.

Tsopano ndi Juni, ndipo kuno kumawala mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Ndaona kuti chimbalechi sindikuchiika kawirikawiri ngati m'nyengo yachisanu. Ndikamachoka kuntchito dzuwa limakhala litatuluka kale, mbalame zikulira, ndipo Jill Tracy samveka chimodzimodzi pa kuwala koteroko. Sabata yatha alamu aja ananditumizira uthenga pa WhatsApp kufunsa dzina la "mayi wonong'ona uja". Ndinawalembera, ndipo ndinawonjezera kuti akamaliza imeneyo apite pa nambala 10, koma adikire kaye kude.