Apache Camel: ndemanga yanga patatha chaka ndi theka

Ndimayang'anira makompyuta pa SACCO ina ku Lilongwe. Ndalama zomwe mamembala amatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba zinkafikira kwina, buku la ngongole lili kwina, ndiye mayi wina wa ku akaunti ankaweruka kutada akukopera manambala pa Excel. Tinkafuna pulogalamu yokhala pakati, yoti izilumikiza zonsezi.

Mtima wanga unali pa yogula, sindibisa. Ogulitsa anationetsa zokopa: ungokoka timabokosi pa sikirini, zinthu zalumikizana, ikavuta uwaimbira foni. Koma laisensi yake inali ya madola, chaka ndi chaka. Mu November 2023 kwacha inagwa, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo madolawo kuti uwapeze ku banki unkadikira mpaka kutopa. Bodi inakana. Ndi mmene tinatengera Apache Camel, pulogalamu yolumikiza mapulogalamu ena kuti azitumizirana mauthenga.

Camel ndi yaulere, ili pansi pa Apache License 2.0, ndipo yakhalapo kuyambira 2007. Imabwera ndi zolumikizira zoposa 300, koma ife timagwiritsa ntchito zinayi zokha: HTTP (yolankhulirana ndi mapulogalamu ena pa intaneti), SFTP (yotumizira mafayilo motetezeka), database (nkhokwe ya deta) ndi imelo. Umalemba njira ya uthenga, uchokere apa, usinthidwe chonchi, ukathere apo. Njira yathu yoyamba inali ya mizere yosakwana 30, ndipo mwezi womwewo mayi aja anayamba kuweruka dzuwa likadalipo. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri.

Chomwe ndikufuna anzanga mumve ndi ichi: ndalama zomwe simupereka ku laisensi mudzazipereka kwa munthu wodziwa Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu chomwe Camel inalembedwamo. Loweruka lina usiku netiweki inadukaduka, uthenga umodzi wa malipiro unabwera kawiri, ndipo mamembala angapo analembedwa kuti abweza ngongole kawiri. Cholakwa chinali chathu, sitinaike Idempotent Consumer, kachida ka Camel komwe kamakumbukira nambala ya uthenga n'kukana wobwereza. Panalibe woti timuimbire. Ine ndi mnyamata wathu wolemba mapulogalamu tinachezera mu ofesi tikuwerenga malangizo a Camel, jenereta ikulira panja, mpaka tinakonza kunja kukuyera. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse wolephera umagwera mu Dead Letter Channel, malo omwe Camel imasungako mauthenga otere, ndipo timauona m'mawa.

Chinanso, sikirini yoonera mmene zinthu zikuyendera simuipeza yokonzeratu ngati ya ogulitsa aja. Ife tinachita kuika patokha Hawtio, pulogalamu ina yopereka sikirini yotereyi.

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ngati ndinu banki yaikulu, muli ndi madola komanso mukufuna pangano lolembedwa loti wina adzayankha zikavuta, zogula monga MuleSoft kapena IBM App Connect zikuyenerani. Ife tikhalabe pa Camel, koma nkhawa yanga ndi yoti njira zonsezi amazidziwa bwino ndi munthu mmodzi. Mwezi uno tayamba kuphunzitsa wachiwiri, ndipo ndapempha bodi kuti imukwezere malipiro woyambayo asanakopedwe ndi ntchito za ku Joni.