Poto wa mpunga "wochotsa shuga": miyezi inayi ndikuwaphikira agogo a ku Hong Kong

Anzanga awiri pa gulu lathu la WhatsApp akhala akundifunsa za poto wamagetsi uja ndinajambula mu Januwale, amene amati amachotsa shuga mumpunga. Ndinkazengereza kuyankha chifukwa ndinkafuna ndimuone kaye akugwira ntchito. Tsopano miyezi yakwana inayi. Mpunga amapsetsa bwino, nsomba amaphika bwino koposa, koma zimene analemba pabokosi zija musazikhulupirire zonse.

Ndimagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba m'nyumba zawo, kuno ku Manchester, ndipo nyumba imene ndimakhalitsamo masiku asanu pa sabata ndi ya agogo ena a zaka 81. Ndimawaitana kuti Po Po, mawu a Chikantoni, chinenero cha ku Hong Kong, otanthauza agogo aakazi, poti ukawaitana mwina mulimonse satembenuka. Tsiku loyamba nditawerenga faelo yawo ndinaganiza kuti ofesi yandipatsa ya munthu wina. Munalembedwa shuga wa mtundu wachiwiri, BP ndi mafuta ambiri m'magazi, pomwe munthu amene anakhala pampando patsogolo panga anali wochepa thupi, manja ngati timitengo, makilogalamu 52 basi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti shuga ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu.

Namwino amene amabwera kudzawaona ndiye anandimasula. Anatenga tepi n'kuwayeza m'chiuno, masentimita 86. Anati kwa akazi a Chitchaina malire ndi 80, kwa amuna 90, ndipo mafuta oopsa ndi amene amabisala m'mimba pafupi ndi chiwindi, osati amene amaoneka m'mikono. N'chifukwa chake bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala kuno, limati kwa anthu ochokera ku China BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, ikafika 23 thupi layamba kale kupitirira, ndipo 27.5 ndi kunenepa kwenikweni, pamene kwa azungu manambala ake ndi 25 ndi 30. Po Po, pa msinkhu wawo wa mita imodzi ndi theka, angopitirira 23 pang'ono. Namwino uja anandiyang'ana n'kunena kuti malire otsikawo ndi a ife akuda a ku Africa nafenso. Usiku umenewo ndinadziyeza m'chiuno ndi chingwe cha chaja. Zimene ndinapeza zikhale zanga.

Po Po anabwera ku Britain mu 1968 kutsatira amuna awo, kuchokera kumudzi wina wa ku New Territories, dera la ku Hong Kong. Kwawo ankalima mpunga, koma mpunga wotchipa wochokera ku Thailand utadzaza misika, ulimi uja unafa ndipo anyamata ambiri anakwera ndege kudzagwira ntchito m'makhitchini kuno. Lero mpunga umene Po Po amadya, ndipo safuna wina, ndi jasmine wa ku Thailand womwewo. Zaka zoposa 30 anaimirira kuseri kwa kauntala ya takeaway m'katauni kena, kutseka pakati pa usiku, kudya cha m'ma 1 koloko m'bandakucha, kenako kugona. Mabanja otere ankamwazikana dala, aliyense tauni yake, kuti asalimbirane makasitomala, choncho anakalamba opanda anansi olankhula chinenero chawo. Chingelezi cha Po Po ndi cha manambala a pa menyu ndi kufunsa ngati mukufuna mchere ndi viniga pa tchipisi. Amuna awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Potoyu anagula ndi mwana wawo wamkazi, nthawi imene zotsatira za magazi zinabwera HbA1c ili pa 64. Nambala imeneyi imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo 48 ndi pomwe amati munthu ali ndi matenda a shuga. Mwanayo anachita mantha, n'kupita kusitolo ina yaikulu ya ku Chinatown, kufupi ndi chipata chokongola chija cha mu Faulkner Street, n'kubwerako ndi bokosi la £85. Pabokosipo panali chithunzi cha agogo akumwetulira ndi mawu oti shuga amachepa mpaka pafupifupi theka.

Mkati mwake muli mapoto awiri. Wapansi ndi wa madzi, wapamwamba ali ndi tizibowo ngati sefa. Mpunga umayamba wawira m'madzi ambiri, kenako madzi aja amatsikira pansi, mpunga n'kumalizika ndi nthunzi. Ukatsegula umapeza madzi oyera ngati mkaka, ndipo amenewo ndi amene ogulitsa amati ndi shuga wachoka. Kunena zoona, n'chimodzimodzi ndi kuwiritsa mpunga m'sefuliya n'kukhetsa madzi, zimene aliyense wa ife angachite osalipira kanthu. Amatenga mphindi 40, pomwe poto wakale ankatenga 25. Kutsuka ndi ntchito, chifukwa tizibowo tija timatsekeka ndipo pamafunika kaburashi. Mabatani ake ndi a Chitchaina, kabuku ka Chingelezi kanali ka masamba awiri osamveka bwino, moti Po Po, amene maso awo ayamba kuchita khungu, ndi amene ankandiwerengera. Zimenezo zinawasangalatsa kwambiri, kwa sabata yathunthu ndinali mwana wa sukulu wawo.

Chimene chinanditsegula maso ndi sikelo ya kukhitchini. Ndinayeza magalamu 150 a mpunga wosaphika n'kuphika m'poto wakale, unatuluka magalamu 360. Muyezo womwewo m'poto watsopano unatuluka 430. Mpunga ndi womwewo, chawonjezereka ndi madzi. Ndiye mukadzaza mbale, zoona mumakhala mpunga wocheperako, koma chifukwa chake n'chakuti malo ena atenga ndi madzi. Sitachi, amene thupi limasandutsa shuga, amapitadi ndi madzi oyera aja koma ndi wapamwamba chabe, wambiri amatsalira m'kati mwa njere. Pambuyo pake mwana wa Po Po anapeza kuti bungwe loteteza ogula la ku Hong Kong, la Consumer Council, linayesapo mapoto a mtundu umenewu ndipo nalonso linakayikira malonjezo awo. Anandiwerengera pa foni nkhope ili yakugwa.

Popeza Po Po amamwa mapilitsi a shuga otchedwa gliclazide, tili ndi kamakina kobaya pachala, ndipo namwino anavomera kuti kwa milungu ingapo ndiziyeza pakadutsa maola awiri atadya. Ndi mbale yawo yanthawi zonse, mpunga wa poto wakale unkapereka manambala a m'ma 11. Wa poto watsopano m'ma 10. Kusiyana kulipo, koma si theka, ndipo kunkatha msanga chifukwa mpunga wamadzimadzi sukhalitsa m'mimba. Ikamakwana 3 koloko Po Po anali ali kale pakabati kufuna mabisiketi.

Ndipo sankaukonda. Pamenepa ndi pamene potoyu anagwera kwenikweni. Mu Chikantoni mawu oti faan amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chonse, ndipo anthu akakumana amafunsana kuti "sik jo faan mei", wadya mpunga kodi? Ife a nsima sitifunika kutifotokozera zimenezi. Munthu wadya tchipisi, nkhuku ndi buledi koma akuti lero sanadye. Tsono taganizani wina akubweretsereni nsima yosakhwima, yoti siikutheka n'kutema komwe, n'kumati ndi ya thanzi. Po Po ankautembenuza mpunga uja ndi timitengo tawo todyera, kuununkhiza, n'kunena mawu amodzi amene ndinadzamva kuti amatanthauza kuti mulibe kukoma. Fungo la jasmine limapita ndi madzi. Nkhoko za pansi pa poto, zimene amazikonda ngati mmene ine ndimakondera za nsima, m'poto uyu mulibe.

Mu Febuluwale zinatsala pang'ono kutivuta. Po Po anayamba kusiya theka la mbale, ena masiku osakhudza n'komwe, koma mapilitsi akumwa monga kale. Tsiku lina masana ndinawapeza akunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi kunja kukuzizira, akundiyang'ana ngati sakundidziwa. Kamakina kanati 3.6. Pansi pa 4 ndiye kuti shuga watsika mopitirira. Ndinawapatsa kapu yaing'ono ya juwisi wa malalanje, patapita mphindi 15 ndinayezanso, kenako buledi. Gliclazide amakankha thupi kuti litulutse insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, n'chifukwa chake kuchepetsa chakudya mwadzidzidzi n'koopsa. Dokotala anachepetsa mlingo wa mankhwala, ndipo anauza mwana wawo kuti kwa munthu wa zaka 81 sitithamangitsa nambala yokongola, chifukwa shuga akatsika munthu amagwa, ndipo akathyoka m'chiuno pa msinkhu umenewu ambiri sadzukanso bwinobwino. Tsiku lokaonana ndi dokotalalo tinali titapemperatu womasulira, poti NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, imapereka ulere ukapempha nthawi isanakwane. Aka kanali koyamba Po Po kumva okha za matenda awo m'chinenero chawo, osati kudzera mwa mwana amene amasankha zowauza. Anafunsa mafunso ambiri moti nthawi inatithera.

Zimene zinatsitsadi manambala sizinatidyere £85. Tinabwezera poto wakale pamalo pake, n'kusintha mbale, kutenga kambale kakang'ono. Patebulo ndimayamba kuika masamba, choi sum kapena pak choi, ndi nsomba kapena tofu, mpunga n'kubwera pambuyo pang'ono. Mwakutero manambala anatsikira m'ma 8. Mdani wamkulu anapezeka kuti ndi jook, phala la mpunga limene amamwa m'mawa. Mpunga ukaphikidwa mpaka kusungunuka, shuga wake amalowa m'magazi mofulumira, ndipo tsiku lina tinaona 13. Sitinawaletse, n'kulakwa kulanda nkhalamba phala limene yamwa moyo wake wonse. Timangoikamo dzira ndi nsomba, kuchepetsa, ndipo si tsiku lililonse.

Potoyu sanenanso kalikonse za mchere, chonsecho BP ya Po Po ndi imene imandiopsa kuposa shuga. M'kabati mwawo muli soya sosi, oyisitala sosi, nsomba zamchere ndi masamba osungidwa mumchere. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pomwe masipuni aakulu awiri okha a soya sosi amafika pafupi pamenepo. Mwana wawo ankafuna kugula mchere uja wosakaniza ndi potaziyamu, koma namwino anakana chifukwa Po Po amamwa ramipril, mankhwala a BP, ndipo impso zawo zayamba kufooka. Ndiye timadalira jinja, adyo, anyezi wamasamba ndi viniga, ndipo sosi ndimawathirira m'kambale kapadera m'malo mosiya botolo patebulo.

Tsiku limene manambala amakhala abwino kuposa onse ndi Lachinayi, pomwe ine sindiphika n'komwe. Ndimawaperekeza kumalo ena kumene okalamba a Chitchaina amakumana kudya nkhomaliro. Timayenda mphindi 10 kuchokera pa basi, amachita masewera olimbitsa thupi a tai chi atagwira mpando, amadya mpunga weniweni, koma pang'onopang'ono chifukwa pakamwa pali potanganidwa ndi nkhani, kenako masewera a patebulo a mahjong mpaka ndichite kuwakoka. Munthu amene kunyumba amatha tsiku lonse atayang'ana pawindo, kumeneko amakalipira anzake mokweza chifukwa chobera masewera. Ndili m'basi tsiku lina ndinawerenga kuti umodzi mwa kafukufuku woyambirira wosonyeza kuti kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kumachedwetsa matenda a shuga unachitikira ku China komweko, mumzinda wa Daqing, kuyambira mu 1986, pa anthu 577. Nditamuuza mwana wa Po Po anaseka, n'kunena kuti mayi ake akamva kuti anatulukira ndi a kwawo mwina adzavomera kuyenda ndi Lolemba lomwe.

Kwa inu amene mukufuna kugulira makolo, ine £85 yanga sindingaike pamenepa ngati cholinga ndi shuga. Ngati munagula kale, musachepetse chakudya cha munthu amene amamwa gliclazide kapena kubaya insulini musanalankhule ndi achipatala. Wathuyu sitinamutaye. Sefa yake ija ndi yabwino zedi pophika nsomba ndi nthunzi, ndipo Po Po anandiphunzitsa kuika jinja pansi, anyezi pamwamba, mphindi 12, kenako kuthira mafuta otentha pang'ono. HbA1c ya mwezi watha inabwera 55. Madzi oyera aja, masiku amene timaphikamo mpunga alendo akabwera, Po Po amakana kuti ndiwataye, amathirira maluwa awo a pawindo.