Zoteteza manja za mpiringidzo wa aluminiyamu: mmene zandigwirira ntchito kwa miyezi 10

Njinga yanga yamoto ndi ya mtundu wa dual-sport, ija yopangidwa kuti iziyenda pa phula ndi m'njira zafumbi zomwe, ndipo zoteteza manja zimene ndikuzifotokoza pano ndayenda nazo miyezi 10, padzuwa ndi pamvula. Chimene chinandichititsa kuzigula ndi liva ya klatchi. Tsiku lina ndikutsika kamtunda ka miyala yosakhazikika, pang'onopang'ono ndithu, tayala lakutsogolo linaterereka ndipo njinga inagona chakumanzere. Ine sindinavulale, koma nditaidzutsa ndinapeza liva itathyoka pafupi ndi pamene imazungulira, moti panalibe pokola ngakhale chala chimodzi. Ulendo wobwerera ndinauyenda ndi mtima uli m'mwamba, ndikusintha magiya popanda klatchi, ndikuopa kuima paliponse chifukwa kunyamukanso kukanakhala kovuta kwambiri.

Zoteteza manja, zimene ogulitsa amazilemba kuti handguards, zimasiyana kwambiri ngakhale kuti pa chithunzi zimaoneka ngati zofanana. Zina ndi chishango cha pulasitiki chabe chomangidwa malo amodzi pafupi ndi liva, chakunsonga chili chotsegula. Zimenezi n'zopepuka, zimatchinga miyala youluka, matope ndi timitengo, ndipo ochita mpikisano wa motocross, wothamanga ndi kudumpha ndi njinga pa bwalo la dothi, amazikonda, koma njinga ikagwa sizipulumutsa liva. Zimene ndinasankha ine ndi zozungulira: mpiringidzo wa aluminiyamu umayambira kunsonga kwa chiwongolero, n'kudutsa kutsogolo kwa zala ndi liva, n'kukamangidwa ndi chopanira chakum'kati kwa chiwongolero, ndipo chishango cha pulasitiki chimamangidwa pamwamba pa mpiringidzowo ndi timabawuti. Mayina odziwika pa zoterezi ndi monga Barkbusters ya ku Australia, Acerbis ya ku Italy ndi Cycra ya ku America, ndipo ena mwa iwo amagulitsa zomangira zopangidwira njinga imodzi yeniyeni. Zanga ndi za kampani ina, ndipo pa katoni panalembedwa kuti zimakwana pa njinga iliyonse. Mawu amenewo ndi amene ananditayitsa nthawi, ndipo ndikupempha aliyense asawakhulupirire asanayeze chiwongolero chake.

Pali miyeso iwiri yofunika munthu asanagule, ndipo ine ndinangodziwa umodzi. Woyamba ndi kunenepa kwa chiwongolero pamene chopanira chidzagwire. Chiwongolero cha masiku onse n'chonenepa mamilimita 22 paliponse, pamene chonenepa pakati chimakhala cha mamilimita 28.6 pomwe chimamangidwa ku njinga, n'kumka chikuwonda mpaka mamilimita 22 kogwira manja. Chopanira cha mtundu wina sichikhala bwino pa chinzake, makamaka chifukwa pa chonenepa malo omangapo amakhala akusintha kukula. Changa ndi chachitsulo cha mamilimita 22 chokhala ndi kamtanda kopingasa pakati, ndipo pamenepo sindinalakwitse. Muyeso wachiwiri, umene ndinaunyalanyaza, ndi kukula kwa bowo la m'kati mwa chiwongolero kunsonga. Chachitsulo chimakhala ndi khoma lopyapyala, bowo lake n'kukhala la mamilimita 18 kapena kuyandikira pamenepo, pamene cha aluminiyamu chimakhala ndi khoma lochindikala ndi bowo la mamilimita 14 kapena kuyandikira. M'bowo limeneli ndi mmene mumalowa kachitsulo kotambasuka, kamene kamafutukuka n'kuluma khoma bawuti yakunsonga ikamamangidwa, ndipo mphamvu yonse ya choteteza manja pa nthawi yakugwa imadalira kachitsulo kameneko. M'katoni mwanga munabwera tizitsulo ta miyeso iwiri, koma pepala la malangizo silinanene kakuti ndi ka chiwongolero chotani, moti ndinayamba ndi kakang'ono n'kumadabwa kuti bawuti ikungozungulira osalimba. Pa njinga zina m'kati mwa chiwongolero mumakhala kale chitsulo chowotcherera chokhala ndi mazinga a bawuti, chogwirira zolemetsa zakunsonga zochepetsa kunjenjemera, ndipo pamenepo kachitsulo kotambasuka sikalowa n'komwe. Ndi bwino kuvula chakunsongacho ndi kusuzumira ndi tochi musanatulutse ndalama.

Ntchito yomanga inanditengera masana athunthu, pamene ndinkayembekezera ola limodzi. Zida zake si zachilendo: ma Allen key (tizitsulo tomangira mabawuti a mutu wa bowo), mpeni wakuthwa, sowo yaing'ono yodulira zitsulo, tupa, ndi guluu wabuluu woteteza mabawuti kuti asamasuke ndi kunjenjemera. Mbali yakumanzere inali yosavuta. Labala wogwirira anali wotseka kunsonga, choncho ndinamudula mozungulira kuti bowo lionekere, n'kulowetsa kachitsulo kaja.

Mbali yakumanja ndi imene ndikufuna kuikhalira pansi, chifukwa ndi imene ingavulaze munthu ikalakwika. Kumeneko labala amavala pa kapaipi ka pulasitiki ka throttle, kamene kamazungulira pa chiwongolero munthu akamawonjezera moto, ndipo kapaipiko nakonso kanali kotseka kunsonga. Ndinamasula zonse, n'kukavula, n'kukadula ndi sowo. Nditabwezeretsa ndi kumanga mpiringidzo, ndinapotokola throttle n'kuisiya, koma m'malo mobwerera ndi kaphokoso kake kaja, inabwerera mwaulesi n'kuima pakati. Injini ikanakhala yoyaka pamsewu, njinga ikanapitiriza kukoka ine nditachotsa dzanja. Nditayang'anitsitsa ndinaona zinthu ziwiri: m'kamwa mwa kapaipi munatsala timanyenje ta pulasitiki timene tinkakhuza chitsulo, komanso mlomo wa labala unkagunda mpiringidzo. Ndinasalaza kapaipiko ndi tupa mpaka chala chikudutsa osakodwa, ndinachepetsanso labala pang'ono, ndipo ndinaika washa pakati pa nsonga ya chiwongolero ndi mpiringidzo kuti patsale mpata wa mamilimita awiri. Pambuyo pake ndinaliza injini, n'kukhotetsa chiwongolero mpaka pothera kumanja ndi kumanzere, ndikupotokola ndi kusiya throttle mbali zonse, kuti ndimve ngati kulira kwa injini kukusintha pakokha. Pepala la malangizo silinatchule chilichonse cha zimenezi, ndipo chimenechi ndimachiwerengera kukhala cholakwa chachikulu cha opanga, chifukwa wogula amene sanamangepo zotere sangadziwe kuti ayenera kuyesa.

Kenako panabwera nkhani ya maliva. Kampira ka kunsonga kwa liva ya buleki kankagunda mpiringidzo, ndipo liva yotsamira pa chinthu ikhoza kusiya buleki itagwira pang'ono popanda woyendetsa kudziwa. Ena amadula nsonga ya liva, ena amagula maliva aafupi. Ine sindinafune kudula, popeza kampira kaja kanaikidwa kuti nsonga yakuthwa isabaye munthu pa ngozi, choncho ndinamasula chogwirira liva n'kuchisunthira m'kati pang'ono mpaka liva ikuyenda momasuka. Bokosi la maswitchi silisuntha chotero, chifukwa lili ndi kachikhomo kolowa m'kabowo ka pa chiwongolero, ndipo mpata wosunthira liva umathera pomwepo. Chopanira cham'kati chinandivutanso kupezera malo, chifukwa pamene mpiringidzo unkafuna kukhala pali kamtanda kopingasa, makebulo ndi paipi ya mafuta a buleki. Ndinachitembenuza kangapo ndisanapeze mmene chingakhalire osafinya kebulo kapena kukhuza paipiyo. Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti mabawuti onse amayenera kulowetsedwa momasuka kaye, zonse zikhale m'malo mwake, kenako n'kumalimbitsa pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Ukalimbitsa imodzi poyamba, inzake imakana kulunjika bowo lake. Mpiringidzo ndinauweramitsa pang'ono kuti ulunjike ndi maliva, amenenso ndimawaika moweramira pansi kuti ndizitha kuwagwira nditaimirira pa zopondera.

Pa ntchito imene ndinazigulira, zoteteza manjazi zandikhutiritsa. Njinga yagwa kanayi chizimangireni, konse pa liwiro lochepa, mumchenga ndi m'matope, ndipo palibe liva imene yathyoka kapena kupindika. Aluminiyamu wake ndi wochindikala bwino. Ali ndi zipsera zakuya pangodya yakumanzere, koma sanapindike mpaka kukhudza zala. M'tinjira topanikizika nthambi zimamenya chishango n'kupatuka, ndipo ubwino umene sindinauganizire ndi wakuti nthambi singathenso kukoka liva ya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, chinthu chimene chingagwetse munthu m'tchire. Tsiku lina ndikutsatira galimoto pa msewu wa miyala, mwala unauluka n'kumenya chishango chakumanja mwamphamvu moti ndinaumva m'dzanja lonse. Nditaima ndinapeza pulasitiki italowa kachibowo koyera pamalo olunjika ndi chala chapakati.

Pa kugwa koyamba, komabe, choteteza chakumanzere chinazungulira n'kuloza kumwamba, ndipo chikanapitirira pang'ono chikanasiya liva pambalambanda. Nditamasula ndinapeza kuti kachitsulo kotambasuka kanaterereka chifukwa m'kati mwa chiwongolero munali kadzimbiri kosakanikirana ndi mafuta. Ndinapukuta m'katimo mpaka kansalu kakutuluka koyera, ndinakalasa pang'ono ndi sandipepa, n'kumanganso molimba, ndipo kuyambira pamenepo sichinasunthenso kwambiri. Amene amagwa kawirikawiri amakonda kudula mazinga m'kati mwa chiwongolero cha aluminiyamu ndi kulowetsamo chitsulo cha mazinga, chimene chimagwira kuposa chotambasuka, ndipo ena amamangirira mpiringidzo ku chitsulo chogwira mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo) m'malo mwa chiwongolero. Ndikadzasintha chiwongolero ndidzatsata njira ya mazingayo. Timabawuti togwira chishango nato n'tofewa: kamodzi kanagwa m'sabata yachiwiri, chishango n'kuyamba kugwedera, ndipo ndinasintha tonse n'kupakako guluu wabuluu uja. Ndikanapaka pa tsiku loyamba sindikanataya kalikonse.

Za mphepo ndi kuzizira ndinene mosabisa kuti thandizo lake ndi lochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Zishango zimene zinabwera ndi zazing'ono. Zimadula mphepo yolunjika pa mfundo za zala, ndipo m'mawa wozizira kusiyana kumamveka, koma mvula ikagwa magolovesi amanyowabe, kungoti mochedwerapo. Amene amayenda maulendo aatali pa phula asankhe mtundu umene umalola kusintha chishango n'kuika chachikulu, koma aonetsetse kuti sichigunda thanki kapena galasi lotchinga mphepo chiwongolero chikakhota mpaka pothera. Pa njinga yanga mpata wotsala pakati pa chopanira ndi thanki ndi wongokwana chala. Kulemera kwake ndinakumva pa chiwongolero masiku awiri oyamba okha, kenako manja anazolowera. Njinga inatambalala pang'ono, zimene zimaonekera podutsa pakhomo lopapatiza. Amene njinga zawo zili ndi zolemetsa zakunsonga adziwe kuti akazichotsa kuti amange mpiringidzo, kunjenjemera kwa m'manja kukhoza kusintha, pakuti ntchito ya zolemetsazo ndi kuchepetsa kunjenjemerako.

Pali nkhawa ina imene okwera njinga amaitchula, ndipo sindikufuna kuilumpha: munthu akaponyedwa kutsogolo kudutsa pamwamba pa chiwongolero, dzanja likhoza kulowa pakati pa mpiringidzo ndi chiwongolero, n'kuthyoka pa mfundo yake. N'chifukwa chake odumpha ndi njinga pa mpikisano amakonda zotsegula zija. Ine ndinaganizira mmene ndimayendera, pa liwiro lodekha m'njira za miyala ndi m'tchire kutali ndi thandizo, ndipo ndinaona kuti chimene chimandichitikira kawirikawiri ndi njinga kugona chammbali, choncho zozungulira ndi zimene zikundiyenera. Wokonda kudumpha ndi kuthamanga ayese nkhaniyi ndi muyeso wake.

Ndingazigulenso zozungulira za aluminiyamu popanda kukayika, koma ulendo wina ndidzafunafuna zokhala ndi zomangira zopangidwira njinga yanga yeniyeni, chifukwa mavuto onse amene ndinakumana nawo anachokera pa zomangira ndi malangizo, pamene mpiringidzo ndi chishango zagwira ntchito yake mokhulupirika. Amene sanagwirepo throttle ndi mabuleki apereke ntchitoyi kwa makaniko wodziwa njinga zamoto, ndipo asanachoke pamalopo ayese yekha kubwerera kwa throttle ndi kuyenda kwa maliva onse awiri. Popeza kapaipi ka throttle tsopano n'kotsegula kunsonga, fumbi ndi madzi zimalowa mosavuta kuposa kale, ndipo ndimakavula n'kukapukuta ndikangomva kuti kayamba kulemera m'dzanja. Mabawuti awiri akunsonga ndimawayesa ndi Allen key njinga ikangogwa, ndiponso ndisanayambe ulendo wautali.