Galu, mmbulu ndi nkhandwe: ndani angakhale pakhomo?

Tiyambe tagwirizana pa dzina, chifukwa mawu akuti mmbulu timatchulira nyama ziwiri. Pali mmbulu wotuwa wa ku Ulaya, Asia ndi North America, ndiye palinso wamawangamawanga, wa makutu aakulu ozungulira, wa mu Africa. Galu anachokera ku mtundu wa wotuwayo. Wa mu Africayu ndi wachibale wapatali: kumiyendo yakutsogolo ali ndi zala zinayi pomwe galu ali ndi zisanu, ndipo awiriwa saberekana. Fisi yekha musamuwerengere n'komwe, ubale wake uli kwa amphaka.

Mukayang'ana thupi, galu ndi mmbulu wotuwa n'ngapachibale kwambiri. Onse ali ndi mano 42, makromozomu (tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa) 78, bere la masiku pafupifupi 63, ndipo akakwerana amabereka ana omwe nawonso amatha kubereka. Mmbulu amaposa pa kukula kwa mutu, mano ndi mapazi. Kusiyana kwenikweni kuli pa makhalidwe. Mmbulu umaswa kamodzi pachaka, ndipo bambo amasaka n'kudzawalavulira ana nyama. Agalu ambiri aakazi amatha kuswa kawiri pachaka, koma galu wamwamuna za ana sizimukhudza, ntchito imeneyo anaitayira anthu kalekale. Kalekale ndithu: ku Bonn-Oberkassel m'dziko la Germany anafukula manda a zaka pafupifupi 14,000 momwe galu anaikidwa pamodzi ndi anthu.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi maso. Mu 2003 akatswiri a ku Budapest m'dziko la Hungary anapatsa agalu ndi mimbulu yoleredwa ndi anthu chakudya chotsekeredwa mosatheka kutsegula. Mimbulu yambiri inalimbana nacho yokha osacheuka. Agalu ambiri atayesa pang'ono anatembenuka n'kuyang'ana munthu kumaso, ngati akunena kuti tandithandizani. Aliyense amene anawetapo galu amawadziwa maso amenewo. Mmbulu ngakhale muulere ndi botolo kuyambira uli kakhanda, ukakula umaganiza wokha, umakumba, umalumpha mpanda, ndipo dzina mungauitane mpaka mawu kusasa. N'chifukwa chake sindikhulupirira amene amatama agalu osakanizidwa ndi mimbulu kuti ndi alonda abwino. Mmbulu suuwa kawirikawiri, umakonda kulira mokokera, ndipo ukaona mlendo nthawi zambiri umathawa.

Ngakhale m'mimba asiyana. Kafukufuku wa mu 2013 ku Uppsala m'dziko la Sweden anapeza kuti agalu ali ndi jini (kachidutswa ka chibadwa) yothandiza kugaya sitachi wa m'zakudya monga nsima, yotchedwa AMY2B, yochuluka kuposa mimbulu. Galu amakhuta bwino ndi zotsala za anthu, pomwe mmbulu umadalira nyama.

Nkhandwe nazo zili pawiri. Ya golden jackal imatha kuberekana ndi galu, monganso coyote, nyama yonga nkhandwe ya ku America. Nkhandwe yofiira ya kumayiko ozizira ayi, makromozomu ake ndi ochepa kwambiri. Komatu ndi yomweyi imene katswiri wa sayansi Dmitry Belyaev anayamba kuweta ku Novosibirsk m'dziko la Russia mu 1959, akumasankha zofatsa zokhazokha kuti ziswane. Patapita mibadwo ingapo zina zinayamba kugwedezera anthu mchira, zina makutu kugwa. Fungo lake lokha ndi kukodzera paliponse sizinathe, moti pakhomo panga ndingasankhebe galu.