Tikiti ya sectional ku Indiana: gulani, koma tsiku lake ndi Loweruka

Amalawi amene tili kuno ku South Bend ndi Mishawaka, mu Indiana ku America, timadziwa yunivesite ya Notre Dame, timadziwa mashifiti a usiku, timadziwanso kogula ufa wophikira nsima. Chimene ambiri a ife sitinapitepo ndi mpikisano wa basketball wa masukulu a sekondale, umene eni dera amautcha Hoosier Hysteria. Chaka chino ndinagula tikiti ya sabata yonse ya sectional pa sukulu ina ya m'katauni ka alimi a chimanga ndi soya, kum'mwera kwa kuno, ndipo ndati ndikuuzeni ngati ili yoyenera madola anu.

Sectional ndi ndime yoyamba ya mpikisano wa anyamata, ndipo imagwa kumayambiriro kwa Malichi. Masukulu oyandikana amaikidwa pamodzi, amachita mayere, ndipo wogonja amalongedza tsiku lomwelo. Timu iliyonse imalowa, ngakhale imene yakhala ikukwapulidwa nyengo yonse. Opambana amapita ku ndime yachiwiri yotchedwa regional, kenako yachitatu yotchedwa semi-state, mpaka ndime yomaliza ku Gainbridge Fieldhouse mu Indianapolis. Mpikisanowu unayamba mu 1911 ndipo umayendetsedwa ndi IHSAA, bungwe loona za masewera a masukulu a sekondale mu Indiana.

Mtengo si nkhani. Kulowa tsiku limodzi n'kotchipa kuposa kukaonera kanema, ndipo galimoto ndinaimika ulele. Chakudya chake ndi mbuliwuli, hot dog ndi nachos, ogulitsa ake ndi makolo a ana a pasukulupo, ndipo phindu limatsala pasukulu pomwepo. Mbuliwuli zinali zabwino, za mchere wambiri. Khofi ayi. Mabenchi ndi a matabwa opanda chotsamira, ndiye ngati msana umakuvutani nyamulani kakhushoni monga amachitira agogo a kumeneko.

Lachiwiri linandikhumudwitsa. Holo yomangidwa kuti ilandire tauni yonse ndi alendo omwe inali ndi mizere yathunthu yopanda munthu, mpaka kulira kwa nsapato pansi kumamveka kuposa ochemerera. Ambiri mwa amene anabwera anali a imvi. Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire, mlimi wopuma, amene anaona kuti ndine mlendo n'kuyamba kundiphunzitsa osafunsa ngati ndikufuna. Kwa iwo, zonse zinafa mu 1997.

Mpaka chaka chimenecho masukulu onse a mu Indiana, aakulu ndi aang'ono, ankalimbirana chikho chimodzi. Kuyambira nyengo ya 1997–98 anagawidwa m'magulu anayi, 1A (masukulu aang'ono kwambiri) mpaka 4A (aakulu kwambiri), potengera kuchuluka kwa ophunzira. Achikulire sanakhululukebe, ndipo ukangowaputa amatchula Milan, katauni ka mu Indiana momwemuno. Mu 1954 sukulu ya Milan, ya ophunzira 161 okha, inagonjetsa chimphona Muncie Central 32–30 mu fainolo ku Butler Fieldhouse mu Indianapolis. Wosewera wa Milan, Bobby Plump, anaima ndi mpira m'manja kwa mphindi zoposa zinayi m'chigawo chomaliza, poti lamulo lokakamiza kuponya msanga kunalibe, kenako n'kugoletsa kutatsala masekondi ochepa. Tingati timu ya sekondale ya kumudzi yachotsa Bullets mu fainolo. Filimu ya Hoosiers ya 1986 inachokera pa nkhani imeneyi. Chimene bambo aja anandinyadira nacho atamva kumene ndimakhala n'chakuti chaka cham'mbuyo mwake, mu 1953, Milan yomweyo inatulutsidwa ndi South Bend Central, imene inatenga chikho. Anatchulanso Plymouth, tauni ya pafupi ndi kuno, imene mu fainolo ya 1982 inagonjetsa sukulu ya Roosevelt ya mumzinda wa Gary 75–74, wosewera wa Plymouth Scott Skiles atagoletsa mapointi 39. Ndipo mu 1990 anthu 41,046 anadzaza bwalo la Hoosier Dome ku Indianapolis kudzaonera ana a sukulu mu fainolo, Damon Bailey ndi sukulu yake ya Bedford North Lawrence akugonjetsa Concord ya ku Elkhart 63–60. Anthu 41,046, abale, pa masewera a sekondale!

Ndinawamvetsera mwaulemu, koma sindigwirizana nawo zonse. Kuchokera mu 1954 mpaka 1997 palibe sukulu ina yaing'ono ngati Milan imene inatenganso chikho. Zaka zonsezo ana a m'matauni aang'ono ankangopita kukadyedwa, akulu ali pa benchi kulota. Lero mwana wa pa sukulu ya 1A akhoza kukasewera ku Indianapolis n'kubwera ndi mendulo, ndipo sindiona chifukwa chomuuza kuti mendulo yakeyo ndi yopepuka. Komanso matauni enieniwo anachepa mphamvu kalekale. Lamulo la 1959 lophatikiza masukulu linatseka masukulu ang'onoang'ono ambirimbiri: mu 1954 matimu opikisana anali oposa 750, pano ali cha m'ma 400. Tauni imene sukulu yake inamezedwa inataya timu, mtundu wa yunifomu ndi mdani wake wa kutsidya kwa msewu, zonse pakamodzi. Onjezanipo kuti masewera ambiri tsopano amaulutsidwa pa intaneti, ndiye azakhali amaonera pa foni ali pa sofa. Ana aluso kwambiri amaonedwa ndi makochi a makoleji m'matimu a AAU, amene si a sukulu, nthawi yotentha, ena amapita ku masukulu ngati La Lumiere ku La Porte amene amasewera ndi matimu a m'dziko lonse la America.

Pamene bambo aja ali ndi mfundo ndi apa: kale chisangalalo chachikulu cha katauni sichinali chikho cha ku Indianapolis, chinali kugwetsa sukulu yaikulu ya m'boma lawo lomwelo mu sectional. Kugawa magulu kunachotsa masewera amenewo, ndipo masukulu ena aang'ono tsopano amayenda mtunda wautali kukakumana ndi anzawo a msinkhu umodzi amene alibe nawo mangawa aliwonse. Lachiwiri usiku, mawa lake kuli ntchito, ndani angayendetse galimoto ulendo wonsewo?

Loweruka ndiye inali nkhani ina. Ndinafika mochedwerako ndipo ndinapeza malo pamwamba penipeni, pafupi ndi denga. Bandi ya sukulu imaomba malipenga mosalekeza, ophunzira a mbali iliyonse anavala zofanana ndipo sanakhale pansi mpaka masewera kutha, ndipo mayi wina kumbuyo kwanga anakalipira oyimbira ndi mawu amene sindikanayembekeza kwa munthu wovala juzi yolukidwa pamanja. Mpira wake si wa NBA. Ana amaphonya, amataya mpira, wina anaponya osakhudza n'komwe chitsulo. Koma wa chaka chomaliza aliyense amadziwa kuti akagonja sadzavalanso yunifomuyo, ndipo zimaoneka m'maseweredwe ake. Atatha, anabweretsa makwerero ndi sizasi, ndipo osewera opambana anakwera mmodzimmodzi kudula kachidutswa ka ukonde, mpaka mnyamata wonyamula mabotolo a madzi. Ogonja anatuluka akulira osabisa, makolo akuwadikira pakhomo.

Ndiye malangizo anga: musavutike ndi tikiti ya sabata yonse pokhapokha ngati muli ndi mwana amene akusewera. Gulani ya Loweruka, kapena ya Lachisanu imene imakhala ndi masewera awiri. Sankhani sectional ya 1A kapena 2A, chifukwa kumeneko ndi kumene tauni imatsekabe mashopu msanga. Fikani nthawi ikadalipo, nyamulani ndalama za m'manja zogulira mbuliwuli, ndipo musanakhale pansi yang'anani mtundu wa jekete lanu, chifukwa mbali ziwiri za holo zimagawidwa ndi mitundu. Mpikisano wa atsikana umayamba msanga, cha kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo umenewo ndi umene ndikufuna kudzapitako ndi mwana wanga wamkazi.