Ndemanga ya Paris Museum Pass: chiphaso chabwino kwa wodziwa kuwerenga maola

Paris Museum Pass ndi chiphaso chimodzi cholowera m'nyumba zosungira zakale ndi zaluso komanso m'malo a mbiri oposa 50, mumzinda wa Paris ndi madera oyandikana nawo. Chilipo cha maola 48, cha maola 96 ndi cha maola 144. Mu 2025 mitengo yake inali mayuro 70, 90 ndi 110, koma imakwera pafupipafupi, choncho onani mtengo wa chaka chimene mukuyenda. Titachigwiritsa ntchito, tikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5 kwa mlendo wokhala masiku atatu kapena kuposa apo. Kwa munthu wongodutsa podikira ndege ina, nyenyezi 2 basi.

Masamu ake ndi osavuta. Pa mitengo ya 2025, tikiti ya Louvre inali mayuro 22, ya Musée d'Orsay 16, ya Musée du quai Branly 14, ya nyumba yachifumu ya Versailles 21. Malo anayi okhawa akukwana 73, ndiye kuti chiphaso cha maola 48 chabweza kale ndalama yake. Kuyambira mu Januwale 2026 Louvre inakweza tikiti ya alendo ochokera kunja kwa mayiko a European Union, Iceland, Liechtenstein ndi Norway kufika pa mayuro 32, zimene zikusinthanso masamuwa. Koma dziwani kuti malo anayi akuluakulu m'masiku awiri ndi ntchito ya miyendo, si masewera ayi. Amene amakonda kuima nthawi yaitali pa chosema chimodzi agule cha maola 96, chifukwa kusiyana kwake kunali mayuro 20 okha.

Chimene ambiri amaluzirapo ndalama ndi kalendala. Nthawi imayamba kuwerengedwa pamene mwalowa malo oyamba, ndipo siima usiku, siimanso tsiku limene malo atseka. Lolemba kumakhala kotseka ku Orsay, Versailles, quai Branly, Musée Rodin, Musée de Cluny ndi Musée des Arts Décoratifs. Lachiwiri amatseka a Louvre ndi a Orangerie. Munthu akayamba chiphaso chake Lamlungu madzulo osaganizira zimenezi, amadzuka Lolemba zitseko zambiri zili gwa, maola akupita. Ngati masiku anu ndi Lolemba ndi Lachiwiri ndipo simungawasinthe, Louvre ndi Orangerie muzione Lolemba, zinazo Lachiwiri.

Tsiku labwino loyambira ndi Lachitatu masana. Mukalowa Louvre 2 koloko, muli ndi nthawi mpaka 9 koloko usiku chifukwa Lachitatu ndi Lachisanu amachedwa kutseka. Lachinayi Orsay imatseka 9:45 usiku ndipo quai Branly 10 koloko, choncho tsiku limeneli limanyamula malo atatu popanda kuthamanga. Lachisanu m'mawa chiphaso chikadali ndi moyo mpaka 2 koloko masana, ndipo chofunika n'kulowa nthawiyo isanakwane, mukalowa simutulutsidwa. Apa chiphaso cha masiku awiri chagwira ntchito pa masiku atatu. Arc de Triomphe, chipilala chachikulu cha chikumbutso, muisiye ya usiku, imatsegula mpaka pafupifupi hafu pasiti teni, koma pali masitepe 284 okwera.

Chachiwiri chimene otsatsa sanena mokweza n'chakuti chiphasochi sichikusungirani malo. Ku Louvre, ku Versailles, ku Orangerie ndi ku tchalitchi cha Sainte-Chapelle muyenera kusungitsa ola lolowera pa intaneti, pa tsamba la malo alionse payekha. Kusungitsako n'kwaulere kwa amene ali ndi chiphaso, koma malo ake ndi owerengeka, ndipo m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti amatha masiku angapo zisanachitike. Ndondomeko yoyenera ndi iyi: yambani mwaona maola amene atsala ku Louvre ndi ku Versailles pa masiku anu, kenako gulani chiphaso, ndipo nthawi yomweyo bwererani kukasungitsa. Mukachita mosemphanitsa mukhoza kukhala ndi chiphaso cholipira kale koma malo amene munachigulira atadzaza. Chiphaso sichibwezedwa ndalama, ndipo chikatayika sapereka china.

Za mizere, tinene zoona. Chiphaso chimakupulumutsani ku mzere wogula tikiti, koma mzere wosecha zikwama aliyense amaima. Ku Sainte-Chapelle kusecha kumakhala kokhwima chifukwa tchalitchichi chili mkati mwa mpanda wa mabwalo a milandu, ndipo kampeni kapena sizasi m'chikwama zimakubwezani pakhomo. N'zoyenera kupirira. Tchalitchichi chinapatulidwa mu 1248, chili ndi mawindo 15 a magalasi amitundumitundu, lililonse lotalika pafupifupi mamita 15, ndipo muli zithunzi 1,113 za nkhani za m'Baibulo. Sankhani ola la dzuwa, chifukwa kukachita mitambo magalasiwo amazilala. Ku Louvre, khomo la pansi lodzera ku Carrousel, mumsewu wa rue de Rivoli, nthawi zambiri limakhala ndi mzere waufupi kusiyana ndi la pa piramidi yagalasi.

Malo alionse mumalowa kamodzi kokha. Simungatuluke Louvre kukadya n'kubwereranso, ndiye idyani kaye kapena mudye mkati momwemo. Zionetsero zapadera za kanthawi kochepa nthawi zina zimafuna tikiti yakeyake. Ku Versailles, masiku amene akasupe a m'munda amasewera ndi nyimbo, kulowa m'mundamo kumalipiridwa padera. Nsanja ya Eiffel mulibemo, manda a pansi pa nthaka otchedwa Catacombes mulibemonso, ndipo Centre Pompidou, nyumba ya zaluso zamakono, anaitseka mu 2025 kuti aikonze kwa zaka pafupifupi zisanu. Chiphasochi sichilipira sitima kapena basi. Ana osakwana zaka 18 musawagulire, amalowa ulere m'malo a boma, koma muwasungitsirebe ola lawo ndipo pasipoti ikhale m'manja yotsimikizira zaka.

Kumene chiphasochi chimasangalatsa kwenikweni ndi kwa wokonda ntchito zamanja. Anthu ambiri amathera theka la tsiku akukankhana kutsogolo kwa chithunzi cha Mona Lisa ku Louvre, pamene malo ang'onoang'ono, amene munthu akanazengereza kuwalipira payekhapayekha, ali phee. Ku Musée de Cluny kuli nsalu zolukidwa zisanu ndi imodzi za mayi ndi chinyama cha nyanga imodzi, zopangidwa cha m'ma 1500 ndi ubweya wa nkhosa ndi silika. Chipinda chake n'cha mdima dala, poteteza utoto kuti usasuluke, choncho dikirani mphindi zingapo maso azolowere musanayandikire kuona mmene ulusi unalumikizidwira. Ola limodzi ndi theka likukwana. Musée des Arts Décoratifs, yomwe yagundizana ndi Louvre, ili ndi mipando, magalasi, zoumba, mikanda ya m'khosi ndi zovala; mmisiri wa matabwa kapena telala apeza zambiri muno kuposa m'holo za zojambula.

Quai Branly, yomwe inatsegulidwa mu 2006, imaonetsa zinthu pafupifupi 3,500 zochokera ku Africa, Asia, Oceania ndi America: zigoba zakumaso, ng'oma, nsalu, zosemasema. Kaikidwe kake n'kokongola ngakhale kuti kuwala n'kochepa ndipo timapepala tofotokozera ndi ta zilembo zing'onozing'ono, zambiri m'Chifalansa. Werengani timapepalato ndithu, makamaka mzere wonena mmene chinthu chinafikira ku France. Zina zinagulidwa, zina zinalandidwa pa nkhondo. Mu Novembala 2021 dziko la France linabweza ku Benin zinthu 26 za ufumu wa Abomey zimene asilikali ake anatenga mu 1892, ndipo zinachokera m'nyumba yomweyi. Perekani maola atatu.

Pali malo ena a zaluso osafuna chiphaso n'komwe, ndipo ndi nzeru kuwaika pa tsiku limene chiphaso sichinayambe kapena chatha. Petit Palais ndi Musée Carnavalet ndi za khonsolo ya mzinda, zionetsero zake zokhazikika n'zaulere, koma zonse zimatseka Lolemba. Ku Viaduc des Arts, mumsewu wa avenue Daumesnil, amisiri amagwira ntchito m'mashopu omangidwa pansi pa mlatho wakale wa njanji, ndipo mumatha kuwaona pawindo akukonza zeze kapena kusema mipando. Msika wa zakale wa ku Saint-Ouen umakhala Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba, ndiye ndi mankhwala a Lolemba lotsekalo. Kumeneko kunenerera mtengo n'kololedwa. Chilichonse chooneka ngati mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja chisiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti n'chakale. Popanda zikalata za CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, chimalandidwa pa kasitomu ndipo mlandu umagwera inu.

Tsopano kwa wongodutsa. Tiyerekeze kuti mukudikira maola 8 pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle. Kutsika ndege ndi kudinditsa pasipoti kumatha kudya ola kapena kuposa. Sitima ya RER B imatenga mphindi pafupifupi 40 kufika pakati pa mzinda, kubwerera chimodzimodzi, ndipo pa ndege ya ulendo wautali muyenera kukhala pabwalo maola atatu isananyamuke. Otsala ndi maola awiri ndi theka, okwana malo amodzi okha. Chiphaso cha maola 48 pamenepa n'kutaya ndalama. Gulani tikiti imodzi. Chanzeru n'kutsikira pa siteshoni ya Saint-Michel Notre-Dame, chifukwa sitimayo imaima pomwepo osasintha. Tchalitchi cha Notre-Dame, chimene chinapsa mu Epulo 2019 n'kutsegulidwanso mu Disembala 2024, amalowa ulere, ndipo Cluny ndi Sainte-Chapelle zili pamtunda woyenda pansi mphindi zosakwana 10.

Musanaganize zotuluka pabwalo, onani viza. Amene pasipoti yake imafuna viza ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya momwe muli France, ayenera kukhala ndi viza yolowera m'dziko. Viza yongodutsira pa bwalo la ndege siilola munthu kutuluka panja. Katundu nayenso ndi vuto: Louvre salola chikwama choposa masentimita 55 m'litali, 35 m'lifupi ndi 20 kunenepa kwake, ndipo malo ena ali ndi malire ofanana nawo. Sutikesi muisiye posungira katundu polipira pa Terminal 2, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ngati chiphaso chanu n'cha pa foni, chisungeni m'foni momwemo kuti chizitseguka popanda intaneti, ndipo musindikizenso papepala, chifukwa batire ikatha pakhomo palibe amene angakuthandizeni.

Pogula zaluso, funsani za détaxe, kutanthauza kubwezeredwa msonkho wa VAT kwa alendo okhala kunja kwa European Union. Muyenera kugula zoposa mayuro 100 m'shopu imodzi, ndipo wogulitsa amalemba fomu ataona pasipoti yanu yeniyeni. Msonkhowo ndi 20 peresenti pa katundu wambiri, koma chofika m'thumba mwanu chimakhala pafupifupi 12 peresenti, popeza makampani oyendetsa ntchitoyi amadulapo yawo. Si mmisiri aliyense amene amapereka fomuyi, choncho funsani musanalipire. Pabwalo la ndege, sikanani fomuyo pa makina otchedwa PABLO musanapereke sutikesi, chifukwa makinawo akaonetsa zofiira a kasitomu amafuna kuona katunduyo ndi maso. Ngati mukutulukira m'dziko lina la European Union, chidindo amakaperekera kumeneko, pa bwalo lomaliza.