Dobadoba sapezeka pa mndandanda wa katangale

Abale anga kumudziko, miyezi 14 yakwana ndili ku Lusaka, ndipo ndatopa nawo mauthenga anu a pa WhatsApp oti "kumeneko ziphuphu n'zochepa, tipezereni malo." Ndikudziwa komwe mwazitenga. Pa mndandanda wa 2024 wa Transparency International, bungwe lolimbana ndi katangale, Zambia idapeza 39 pa 100, Malawi 34, Denmark 90 (nambala ikakwera, ndiye kuti katangale akuoneka wochepa). Nanenso nambala zomwezo zinandikweza basi yobwera kuno.

Koma nambalayo imaphikidwa bwanji? Bungweli, lomwe likulu lake lili ku Berlin, lakhala likutulutsa mndandandawu kuyambira 1995. Silimawerenga ziphuphu zimene zaperekedwadi, nanga wolandira chiphuphu amalemba lisiti? Limatolera maganizo a akatswiri ndi akuluakulu a bizinesi kuchokera ku akafukufuku 13, ndipo dziko lililonse (mu 2024 anali mayiko 180) liyenera kupezeka mwa atatu osachepera. Nkhani yake ndi katangale wa m'boma basi. Mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market safunsidwa. Dobadoba salowamo n'komwe.

Ineyo amene anandidya ndi dobadoba. Ejenti wina wa ntchito anandilipiritsa K1,500 ya kuno yolembetsa, kenako K800 ina "yoti mapepala ayende". Kuno amati nchekeleko, ndipo amanena akumwetulira ngati akukupatsa moni. Anandilonjeza K4,000 pamwezi ndi chipinda. Ndinakapeza K1,800, chipindacho chili matiresi m'sitolo ya katundu. Nditabwerera kukadandaula, anati ndikachita phokoso andinenera kuti mapepala anga sanakwane. K2,300 inapita choncho, ndalama ya mbuzi za mayi anga! Potumiza ndalama kwathu nakonso, amati kutumiza ndi ulere, koma amakudulira pa mtengo wosinthira.

Woona mtima ndakumana naye mmodzi, mayi wina wopezera anthu nyumba ku Chawama. Anatenga K300 kamodzi, analemba lisiti, n'kundiuziratu kuti denga limadontha mu Januwale. Limadonthadi.

Ndiye inu achimwene amene mukufuna kugulitsa munda chifukwa 39 ndi wamkulu kuposa 34, khalani pansi kaye. Kusiyana kwa mapointi 5 sikugula ufa. Musalipire munthu ntchito musanaione ndi maso, malipiro alembedwe papepala, ndipo ndalama yobwererera kwanu muisokere m'thumba lamkati musananyamuke ku Mchinji.